Kusindikiza matisheti a mitundu ingapo: kusankha inki ndi kulekanitsa mitundu

Kasitomala akabwera ndi chithunzi cha baji ya kwaya pafoni n'kunena kuti akufuna matisheti 60 pofika Loweruka, musathamangire kuyatsa kompyuta. Mufunseni kaye kuti matishetiwo ndi amtundu wanji, ndiponso ngati nsalu yake ndi thonje, poliyesita kapena yosakaniza. Yankho lake ndi limene lidzakuuzeni inki yogula, kuchuluka kwa masikirini (mafelemu omangidwa sefa yansalu imene inki imadutsamo popita pa tisheti), sefa yoyenera, kutentha kowotchera inkiyo, ngakhalenso mtengo woti mumutchulire. Ndimaona kuti ntchito zambiri zobwezedwa zimakhala zitawonongekera pa funso limeneli, inki isanakhudze n'komwe nsalu.

Tiyende ndi chitsanzo chimodzi mpaka kumapeto. Matisheti ndi a buluu woderako, nsalu ya thonje. Baji ili ndi bwalo lachikasu, mkati mwake muli buku lofiira lotsegula, ndipo dzina la kwaya lalembedwa ndi zilembo zoyera.

Dziwani nsalu

Werengani kansalu ka pakhosi kapena ka m'mbali mwa tisheti. Ngati kanadulidwa, kapena simukukakhulupirira, sololani ulusi pang'ono m'kati mwa msoko n'kuuyatsa ndi machesi. Thonje limayaka n'kununkha ngati pepala, n'kusiya phulusa lofewa. Poliyesita amasungunuka n'kusiya kambulu kolimba. Nsalu yosakaniza imaonetsa zonse ziwiri.

Poliyesita amafuna chisamaliro chake. Utoto umene ananyikira nsaluyo umadzuka ukatenthedwa kwambiri, n'kulowerera m'inki yanu. Zilembo zoyera pa jezi yofiira zimasanduka zapinki, ndipo chopweteka n'chakuti nthawi zina zimenezi zimaonekera patapita masiku angapo, timu itatenga kale majezi ake. Pa nsalu yotere gulani inki yoyera yolembedwa kuti low bleed, kapena yambani ndi inki yotuwa yotsekereza utoto imene amaitcha blocker, ndipo sankhani inki yopsa pa kutentha kotsika, cha m'ma 130 mpaka 140 °C. Majezi akadali otentha musawaunjike pamodzi. Ayaleni azizire kaye.

Sankhani inki

Inki zimene mudzakumane nazo kwambiri ndi zitatu.

Plastisol ndi tinthu ta pulasitiki wa PVC tosakanizidwa ndi madzi onga mafuta ofewetsa pulasitiki. Siuma yokha ngakhale mutaisiya pa sikirini usiku wonse, ndipo n'chifukwa chake ili yabwino kwa munthu wongoyamba kumene ntchito ya mitundu ingapo: mumakhala ndi nthawi yolunzanitsa masikirini modekha. Imakhala pamwamba pa nsalu, imaphimba bwino mitundu yakuda, koma imafuna kutentha kwa pafupifupi 160 °C kuti ipse. Isanafike pamenepo imatha kuoneka youma m'maso ndi m'manja, n'kudzasweka pa kuchapa koyamba. Kukazizira, monga mu June ndi July ku Dedza kapena ku Mzuzu, plastisol imalimba m'chitini. Musafulumire kuthiramo chosungunulira. Itakaseni kaye kwa mphindi zingapo ndi kachitsulo kosalala, chifukwa imafewa yokha ikamatakasidwa. Ikakanabe, onjezani curable reducer pang'onopang'ono. Thina kapena palafini sizolowa m'chitini cha inki, zimasokoneza kapsedwe kake.

Inki yamadzi imalowerera mu ulusi wa nsalu, choncho tisheti imatuluka yofewa ndipo wovala satuluka thukuta pansi pa chithunzicho. Pa nsalu yoyera kapena yowala, ineyo ndimaikonda kuposa plastisol. Vuto lake imauma m'maso a sefa mukangochedwa. Mu Okutobala, makamaka kumadera otentha ngati Nsanje, Chikwawa ndi m'mbali mwa nyanja, kungoyankha foni kamodzi mupeza timizere tating'ono tatsekeka. Mankhwala ake ndi awa: mukatha kusindikiza tisheti iliyonse, bwezerani inki pa chithunzicho mopepuka kuti maso a sefa akhale onyowa, khalani ndi kabotolo kopopera madzi pafupi, ndipo thirani retarder, mankhwala ochedwetsa kuuma kwa inki, molingana ndi mlingo wolembedwa pachitini. Imafunanso kuti emulsion, mankhwala opaka pa sefa amene amalimba ndi kuwala n'kutseka malo osafunika inki, ikhale yosasungunuka ndi madzi. Inki yamadzi wamba siphimba nsalu yakuda. Pamenepo pamafunika yolembedwa kuti opaque.

Yachitatu ndi discharge. Iyi imachotsa utoto wa nsalu pamalo pamene yagwera n'kusiyapo mtundu wake. Imagwira pa thonje lenileni lonyikidwa mu utoto umene umatheka kuchotsedwa, ndipo mitundu ina monga buluu wowala, wobiriwira wowala ndi pepo nthawi zambiri imakana. Mumasakaniza ndi ufa wotchedwa activator, umene kawirikawiri umakhala wa zinc formaldehyde sulfoxylate, ndipo mukasakaniza muigwiritse ntchito tsiku lomwelo. Mtundu wake weniweni umaonekera pokhapokha ikatenthedwa. Mpweya wake si wabwino kuupuma. Ngati mumagwirira ntchito m'kachipinda kopanda mawindo, kapena pakhonde pamene ana amasewera, isiyeni inki imeneyi. Ndalama za oda imodzi sizingagule mapapo.

Pa matisheti athu a kwaya, a buluu woderako, tisankha plastisol. Ngati ena mwa matishetiwo ndi a ana, funsani wogulitsa akupatseni yopanda mankhwala a phthalate. Ndipo plastisol ndi inki yamadzi sizisakanizidwa m'chitini chimodzi.

Werengani masikirini musanatchule mtengo

Mtundu uliwonse umafuna filimu yake, pepala loonekera losindikizidwa mbali ya mtunduwo mwakuda, ndi sikirini yake. Koma mtundu wa tisheti umasintha chiwerengerocho. Baji yathu ikanakhala pa tisheti yoyera, tikanangosindikiza chikasu ndi chofiira, zilembo n'kuzisintha kukhala zakuda kapena zabuluu: masikirini 3. Pa buluu woderako, chikasu chikagwera mwachindunji pansalu chimazilala n'kuoneka ngati chobiriwira chakuda, chofiira n'kuderapo. Pamafunika maziko oyera pansi pake, amene pantchitoyi amatchedwa underbase. Ndiye tikhala ndi maziko oyera, chikasu, chofiira, ndi choyera chomaliza cha zilembo: masikirini 4.

Pali njira yochepetsera. Sikirini ya maziko ikhoza kunyamulanso zilembo zoyerazo. Mumasindikiza, kuumitsa pamwamba, n'kusindikizanso kachiwiri kuti choyeracho chiwale. Mukatero masikirini abwerera pa 3, koma pansi pa chikasu ndi chofiira pakhala inki yochindikala, tisheti n'kulemera pachifuwa. Pa oda yaing'ono ndi kabaji ka pathumba, zimenezi zilibe vuto. Pa chithunzi chachikulu chodzaza msana, lolani kupanga sikirini yachinayi.

Yang'ananinso ngati pali mbali ya chithunzi imene mtundu wa tisheti ungaimire. Mizere ya masamba a buku lija ingasiyidwe yopanda inki kuti buluu wa nsalu aonekere. Mwapeza mtundu wina osawonjezera sikirini.

Kasitomala muuzeni zonsezi poyera, amve kuti mtengo ukukwera chifukwa cha sikirini iliyonse. Akamvetsa, nthawi zambiri amavomera yekha kuchotsa kamtundu kachisanu kamene kanali pa kadontho kamodzi.

Konzani chithunzi

Chithunzi chotumizidwa pa WhatsApp mwachizolowezi chimafika chitafinyidwa, m'mphepete mwa zilembo muli manomano. Pemphani kuti achitumize ngati document, kapena akupatseni fayilo yoyambirira. Zikakanika, jambulaninso bajiyo nokha mu CorelDRAW, Adobe Illustrator kapena Inkscape, imene ndi yaulere. Baji ndi zilembo zimafuna mizere ya vector, imene siiphwanyika mukaikulitsa. Chithunzi cha kamera chikhale cha 300 dpi pa kukula kwenikweni kumene chidzasindikizidwe.

Zilembo zonse zisandutseni mizere kuti zisasinthe mukapita pa kompyuta ina: Convert to Curves mu CorelDRAW, Create Outlines mu Illustrator, Object to Path mu Inkscape. Musanatero, werengani dzina la kwayalo chilembo ndi chilembo pamodzi ndi mwiniwake, asayinire papepala.

Mtundu wa pa kompyuta kapena pafoni usakunamizeni, chifukwa foni iliyonse imaonetsa chofiira chake. Mabungwe akuluakulu amabwera ndi nambala ya Pantone, dongosolo la mitundu limene linayamba mu 1963, ndipo ngati muli ndi buku lake mumafananiza ndi limenelo. Ngati mulibe, pakani inki pa kachidutswa ka nsalu yomweyo, muiwotche, kasitomala aone ndi maso ake pa kuwala kwa panja. Posakaniza mitundu gwiritsani ntchito sikelo ya magalamu n'kulemba mlingo uliwonse m'kope. Kwayayo ikadzalandira mamembala atsopano idzafuna matisheti ena 10, ndipo chikasu chake chiyenera kudzafanana ndi choyambacho.

Lekanitsani mitundu

Baji yathu ndi ya mitundu yokhazikika, yopanda mithunzi, choncho tigwiritsa ntchito njira ya spot colour. Apa m'pamene pamafunika kudekha kwambiri.

Yambani ndi kuika timitanda tolunzanitsira, kamodzi pamwamba chapakati, kena pansi chapakati, ndipo ngati malo alipo tiwiri m'mbali. Timitandati tikhale kunja kwa chithunzi, ndipo tituluke pa filimu iliyonse pamalo amodzimodzi. Pambali pake lembani dzina la mtundu, nambala ya sefa (ulusi wake pa sentimita, yolembedwa ndi T) ndi dongosolo losindikizira, mwachitsanzo "1 maziko oyera 62T". Mafilimu onse amatuluka akuda, ndipo pakapita sabata simungakumbuke kuti iyi inali ya chiyani.

Kenako koperani chithunzi chonse pa masamba 4, osachisuntha ngakhale pang'ono. Pa tsamba la chikasu fufutani zonse kusiya bwalo, ndipo pamene padzakhale buku pabooledwe. Pa tsamba la chofiira siyani buku lokha. Pa tsamba la choyera chomaliza siyani zilembo. Pa tsamba la maziko phatikizani bwalo, buku ndi zilembo kukhala chinthu chimodzi. Chilichonse chotsala pa tsamba lililonse chisandutseni chakuda bii, 100%. CorelDRAW ndi Illustrator zimatha kulekanitsa zokha pa gawo la Separations posindikiza, bola mtundu uliwonse mwaupatsa spot colour yake, koma ndibwino kuyamba mwaphunzira kuchita pamanja kuti muziona chimene chikuchitika.

Tsopano zinthu ziwiri zimene zimasiyanitsa ntchito yaukhondo ndi yongoyerekeza. Choyamba, maziko oyera achepetseni m'mphepete monse ndi theka la point kufikira point imodzi. Point imodzi ndi pafupifupi 0.35 mm. Amati choke. Mukapanda kutero, sikirini ikangosuntha pang'ono chabe, kamzere koyera kamasuzumira m'mbali mwa bwalo lachikasu, ndipo pa nsalu yakuda kamzere kameneko kamaonekera patali. Njira yosavuta ndi kuika mzere woyera wozungulira chinthu chakudacho pa tsamba la maziko. Kumbukirani kuti theka la mzerewo limagwera m'kati, theka kunja, choncho mzere wa point imodzi umadya theka la point. Pa zilembo zing'onozing'ono chepetsani mosamala, mungadye chilembo chonse.

Chachiwiri, pamene chikasu chikukumana ndi chofiira, lolani chikasu chilowe pansi pa chofiira pang'ono, pafupifupi theka la point. Amati trap. Mtundu wowala ndi umene umalowa pansi pa woderapo, chifukwa woderapo ndi umene umasunga maonekedwe a chinthucho. Makina anu akakhala olimba, osagwedera, mutha kungogundanitsa mitundu popanda trap, ndipo m'mphepete mumatuluka mwaukhondo koposa. Koma ngati mumasindikiza pa tebulo la mahinji, trap idzakupulumutsani. Musaikulitse, chifukwa inki ziwiri zonyowa zikasanjikizana kwambiri zimapakana n'kubala kamzere ka olenji.

Pansi pa inki yakuda sipafunika maziko oyera. Pamenepo boolani.

Chithunzi chikakhala cha mithunzi

Tsiku lina adzabwera wofuna nkhope ya malemu pa tisheti ya pa mwambo wa chiliza, kapena nkhope za akwati. Sikirini siidziwa kutulutsa inki yochepa apa, yambiri apo. Imangotsegula kapena kutseka. Mithunzi imapangidwa ndi timadontho, tikulutikulu pamalo oderapo, ting'onoting'ono pamalo owala. Imeneyi ndi halftone.

Kukula kwa timadontho kumayenderana ndi sefa. Tengani nambala ya sefa pa inchi, muigawe ndi 5, mupeza mizere ya timadontho pa inchi, imene imalembedwa lpi. Sefa ya 90T ili ndi ulusi pafupifupi 230 pa inchi, choncho 45 lpi ikhala bwino. Ya 120T, imene ndi 305 pa inchi, imanyamula 55 mpaka 60 lpi. Ngodya ya timadontho ikhale 22.5°, kuti tisagundane ndi ulusi wa sefa n'kubala mafunde oipa aja otchedwa moiré. Mu Photoshop sandutsani chithunzi kukhala Grayscale, kenako Bitmap, n'kusankha Halftone Screen, timadontho tozungulira kapena tonga dzira. Mu GIMP gwiritsani ntchito Newsprint. Timadontho timafufuma pansalu, moti malo a 50% amatha kutuluka ngati 70%, choncho walitsani chithunzicho musanachisandutse, apo ayi nkhope idzada n'kutaya maso.

Pa chithunzi cha mitundu yonse pali njira zitatu. CMYK imagwiritsa ntchito inki 4 zoonekera m'kati, cyan, magenta, chikasu ndi chakuda, zimene zimasanganikirana pansalu. Imafuna tisheti yoyera, sefa ya 120T ndi dzanja losasinthasintha mphamvu. Simulated process imagwiritsa ntchito inki zophimba zokhala ndi timadontho pamwamba pa maziko oyera, ndipo ndi imene imatulutsa zithunzi zokongola pa matisheti akuda, koma nthawi zambiri imafuna masikirini 6 kapena kuposerapo. Index imagawa chithunzi kukhala timabokosi tofanana kukula, kalikonse mtundu umodzi, togundana popanda kusanjikizana. Nayonso imakoma mitundu ikachuluka.

Ngati makina anu ali ndi mitu 4 ndipo oda ndi ya matisheti 15 a nkhope ya mitundu yonse, malangizo anga ndi akuti musalimbane nazo. Mulangizeni kasitomala nkhope ya halftone ya mtundu umodzi, imene imatuluka mwaulemu kwambiri ikakonzedwa bwino, kapena katengeni DTF, chithunzi chosindikizidwa pa filimu chomatidwa pa tisheti ndi kutentha, kwa amene ali ndi makina ake. Chithunzi cha malemu si malo oyeserapo luso limene simunalizolowere.

Filimu, sefa ndi emulsion

Filimu iyenera kukhala yakuda moti mukaiyang'anitsa kudzuwa kuwala kusadutse. Pulinta ya inkjet ndi filimu yake yapadera zimachita bwino. Ngati mumagwiritsa ntchito laser ndi tracing paper, dziwani kuti kutentha kwa pulinta kumakhwinyatitsa pepala pang'ono, choncho mapepala onse 4 atuluke pa pulinta imodzi, nthawi imodzi, moyang'ana mbali imodzi. Kukuda kukachepa, sindikizani awiri n'kuwasanjikiza ndi tepi. Musanapite patsogolo, sanjikizani mafilimu onse pawindo, timitanda tikumane, muone ngati palibe mpata kapena chosowa. Cholakwika chopezeka apa chimangokudyerani pepala limodzi.

Sefa ya sikirini ili ngati sefa ya ufa: ya maso aakulu imadutsitsa zambiri, ya maso aang'ono imadutsitsa zosalala zokha. Nambala yokhala ndi T ndi ulusi pa sentimita. Mukawerenga malangizo a ku America mupeza nambala za pa inchi, ndipo kuti mupeze nambala ya T mumangozigawa ndi 2.54. Ya 43T ndi ya inki yoyera yochindikala ndi zilembo zikuluzikulu. Maziko athu apite pa 62T, kuti akhale opyapyala koma ophimba. Chikasu ndi chofiira zipite pa 77T kapena 90T, popeza zikugwera pamwamba pa inki inzake ndipo sizifunika zambiri. Choyera chomaliza chipite pa 77T. Sefa yachikasu imasunga bwino timizere ndi timadontho kuposa yoyera, chifukwa siimwaza kuwala. Sefa yolendewera ichotseni. Mitundu siingalunzane pa sikirini yofooka.

Tsukani sefa ndi mankhwala ochotsa mafuta, iume pamalo opanda fumbi. M'chilimwe fumbi ndi limene limabweretsa timabowo tosaoneka timene timadonthetsa inki pa tisheti. Pakani emulsion ndi scoop coater, kachitsulo konga ngalande kopakira, m'chipinda cha nyale yachikasu, kuyamba mbali yokhudza nsalu, kumalizira mbali ya m'kati. Yanikani sikirini chogona, mbali yokhudza nsalu ili pansi, mumdima. Nyengo ya dzinja chinyezi chimachedwetsa kuuma, ndipo emulsion yosauma bwino siigwira kuwala. Ikani fani, dikirani. Emulsion ya diazo ikasakanizidwa imakhala milungu yochepa chabe, choncho lembani tsiku pachitini n'kuisunga pozizira.

Filimu iikeni kumbali yokhudza nsalu motembenuza, kuti mukayang'ana kuchokera m'kati zilembo ziwerengeke bwino. Mafilimu onse akhale pamalo ofanana pa felemu iliyonse; yezani ndi lula. Panikizani ndi galasi, kumbali inayo kukhale siponji yakuda. Za nthawi ya kuwala musatengere kwa mnzanu, chifukwa nyale, mtunda, sefa ndi emulsion zimasiyana. Yesani nokha: phimbani filimu ndi katoni, muzisuntha katoniyo gawo ndi gawo pa nthawi yofanana, kenako tsukani n'kuona gawo limene latuluka lakuthwa popanda kuterera. M'kati mukamaterera ngati sopo, kuwala kunachepa. Timizere tikakana kutseguka, kuwala kunachuluka kapena filimu sinali yakuda mokwanira. Dzuwa nalo limagwira ntchito magetsi akazima, ndipo ndi lachangu kwambiri, koma la 9 koloko m'mawa si lofanana ndi la masana, choncho yesani pa ola limene mudzagwirire ntchito.

Lunzanitsani ndi kusindikiza

Matani filimu ya maziko pathabwa, pamalo pamene chithunzi chidzagwere pa tisheti. Tsitsani sikirini iliyonse, timitanda take tikumane ndi ta filimuyo, n'kumanga zolimba. Mukamanga yang'ananinso, chifukwa kumangako kumasuntha felemu. Pakati pa sefa ndi nsalu pakhale kampata ka 2 mpaka 3 mm, kuti sefa izidzuka yokha squeegee, labala wa chogwirira wokokera inki, ikadutsa. Pathabwa pakani guluu wake pang'ono kuti tisheti isasunthe. Yesani pa tisheti yakale yakuda, ndipo mitundu ikakumana bwino, tsekani timitanda ndi tepi kumbali yokhudza nsalu.

Squeegee ya kulimba kwa 70 imagwira ntchito zambiri, bola mpeni wake ukhale wakuthwa ndi wowongoka. Yalani inki pa chithunzi mopepuka, kenako kokani kamodzi mwamphamvu yofanana, squeegee itaweramira kwa inu. Cholinga ndi kudula inki kuti ikhale pamwamba pa nsalu. Mukakanikiza kwambiri mumaikankhira m'kati mwa ulusi, choyera n'kuzilala, m'mphepete n'kufufuma.

Maziko oyera ayambe. Aumitseni pamwamba ndi flash, chotenthetsera choimika pamwamba pa thabwa, kwa masekondi ochepa, mpaka mukakhudza ndi chala inki isamatirire. Apa simukuwotcha, mukungolimbitsa khungu lake. Maziko akapsa kwathunthu, inki za pamwamba sizigwirana nawo bwino. Dikirani azizire pang'ono, apo ayi sikirini yotsatira imamatirira. Kenako chikasu, kenako chofiira, kuchokera ku mtundu wowala kupita ku woderapo. Ngati chofiira chikupakana ndi chikasu, umitsaninso pakati pake. Zilembo zoyera zibwere pomaliza. Tisheti isachoke pathabwa mpaka mitundu yonse itatha. Ikangozulidwa, siibwereranso pamalo pake.

Wotchani inki ipse

Apa m'pamene dzina lanu limapangidwira kapena kuwonongekera. Kutentha kwa 160 °C kuyenera kufika mpaka pansi pa inki, pamene yakhudzana ndi ulusi, ndipo pa baji yathu inkiyo ndi yosanjikizana kawiri. Kachipangizo koyezera kutentha ndi kuwala kofiira kamangowerenga pamwamba, choncho pamwamba pakangofika 160 °C musachotse msanga.

Ovuni ya lamba woyenda ndiyo yabwino koposa, koma ambiri timayamba ndi heat press, makina a chitsulo chotentha chopanikizira. Umitsani kaye pamwamba, phimbani ndi pepala la teflon kapena lophikira makeke, panikizani mopepuka pa kutentha kolembedwa pachitini kwa pafupifupi theka la mphindi, ndipo chithunzi chikaposa kukula kwa chitsulo wotchani mbali ndi mbali mopitirizana. Heat gun imasiya malo ena osapsa n'kuwaula ena. Simbi ya m'nyumba ingathandize pa inki yamadzi mukasita mphindi zingapo ndi nsalu pamwamba, koma pa plastisol musaidalire, ndipo ya makala ndiye ayi ndithu. Inki yamadzi imafuna nthawi yotalikirapo, mphindi 2 mpaka 3 pa kutentha komweko, chifukwa madzi ayenera kutuluka kaye inkiyo isanayambe kupsa. Magetsi akazima muli pakati pa ntchito, matisheti osapsa ayaleni payekhapayekha osakhudzana. Plastisol idikira mpaka abwere.

Tisheti yoyamba ikazizira, ikokeni pa chithunzi. Inki yakupsa imatamuka pamodzi ndi nsalu n'kubwerera, yosapsa imang'aluka. Pukutani chofiira ndi kansalu koyera, muone ngati chikusuluka. Koma umboni weniweni ndi kuchapa: tengani tisheti imodzi, muichape ndi sopo katatu kapena kupitirira, mofikisa monga adzachapire eni ake, musanawotche 59 otsalawo. Ikapezeka yosapsa, onjezani nthawi pa otsalawo; tisheti yosapsa mungathe kuiwotchanso bola isanachapidwe. Popereka katundu, auzeni a kwaya kuti azichapa ndi kusita tisheti motembenuza, simbi isagunde pa baji.

Mukamaliza, palani plastisol yotsala pa masikirini n'kuibwezera m'zitini zake, pukutani ndi screen wash mutavala magolovesi, ndipo nsanza ndi madzi otsukira musazitayire mu ngalande yopita kumtsinje kapena pafupi ndi chitsime. Pochotsa emulsion, mankhwala ake asaumire pa sefa; akauma amailimbitsa emulsionyo moti siichokanso, choncho pakani, dikirani mphindi imodzi kapena ziwiri, n'kutsuka ndi madzi amphamvu. Mafilimu 4 aja aikeni mu envulopu imodzi pamodzi ndi pepala lolembapo manambala a sefa, milingo ya inki, kutentha ndi nthawi yowotchera, ndipo pamwamba pake lembani dzina la kwayayo.